Nkhalamba Imodzi, Madotolo Ambiri

 Lero sindikamba za mizere kapena za nkhokwe ai, koma za makolo athu okalamba, pakuti munthu amene ali ndi matenda pakhomo khasu saligwira bwino.

Munthu akakalamba nthenda sizidza imodzi-imodzi. Agogo omwewo ali ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, ng'ala m'maso ndi maondo ophwanya. Mankhwala a magazi alandira ku cipatala cacing'ono ca kwanu, a shuga ku cipatala ca pa Boma, za maso apita nazo ku Nkhoma kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madotolo onsewa sakhala pansi kupangana za agogo anu. Cowalumikiza ndi kabukhu ka kucipatala kaja basi.

Cifukwa cace kabukhu kakhale kamodzi. Alipo ena amene agula katsopano kuli konse apita, poopa kudzudzulidwa kuti anadumpha tsiku. Kutero ndi kumanga dotolo m'maso. Kakadzala, sokererani katsopano pa kakaleko.

Tsono za mankhwala, ndipo apa mucere khutu. Popita ku cipatala ciri conse, ikani m'thumba limodzi mankhwala onse amene agogo akumwa: a ku Boma, a ku Mishoni, ogula pa golosale, otumizidwa ndi ana a ku Johannesburg, ngakhale mizu ya kwa sing'anga. Musacite manyazi. Mankhwala amodzi omwewo amatha kudza ndi maina awiri ndi maonekedwe awiri, ndipo nkhalamba imamwa onse poyesa kuti ngosiyana. Mlimi ali yense adziwa cimene cicitika anthu awiri akathira feteleza pa phando limodzi: cimanga cipsa. Mankhwala a magazi akapyola muyeso adzetsa cizungulire, agogo nkugwa, nkuthyoka ciuno. Brufen ndi Indocid, zimene ambiri agula cifukwa ca maondo, zikamwedwa masiku ambiri zikweza magazi, ziononga impso ndi kucititsa zironda m'mimba. Ndipo mankhwala ena a shuga, munthu akamwa osadya, amkomola. M'miyezi ya January ndi February, ufa ukacepa m'nyumba, muuzeni dotolo zimenezo poyera. Koma musawasiyitse mankhwala pa nokha.

Pa banja sankhani munthu mmodzi, wodziwa kuwerenga, woperekeza agogo nthawi zonse. Lero mdzukulu, mawa mpongozi, mkuca mnansi, mau a dotolo atayika m'njira. Munthuyo asunge kabukhu, afunse tsiku lobweranso, ndipo abale a kutali amene atumiza ndalama azimva kwa iye. Enanu mumthandize kupalira. Munda wace usagone thengo cifukwa anali ku cipatala m'malo mwa nonse. Ndalama za ulendo patulani pogulitsa mbeu, osati kuyamba kuzifuna mvula itagwa ndi milato itakokoloka.

Inu mafumu, dziwani nkhalamba za m'mudzi mwanu zimene ziribe woziperekeza, ndipo muuze mlangizi wa za umoyo. Panganani za ngolo kapena njinga. Cinanso, nkhalamba ikayamba kuiwala maina a ana ace, kusocera usiku, kapena kulankhula zosamveka, kawiri-kawiri imeneyo ndi nthenda ya mu ubongo, mwina shuga watsika, mwina mankhwala asemphana. Ipite kwa dotolo ndi thumba lace lija. Kuichula mfiti ndi mlandu pa lamulo la caka ca 1911, ndipo lamulolo likhudza ndi mfumu yomwe imene ilola zotere pa bwalo lace.

Sabata ya mawa tidzakamba za anankafumbwe. Tsalani bwino.