Alendo akubwera ku Meponda, tisamale malo athu



Ine ndine mlimi, koma lero sindikamba za feteleza ayi. Nkhani yanga ndi ya Meponda.

Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, anzathu a ku Lichinga amatsikira kunyanja kuno pa chapa ndi njinga zamoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, kuthawa kuzizira kwa kumtunda. Amayala zitenje pamchenga, kuwotcha nsomba, ana n'kumasewera m'madzi. N'zabwino ndithu. Ifenso timapezerapo ya sopo pogulitsa nthochi, chinangwa ndi chimanga chowotcha.

Koma akachoka, taonani zotsala! Mabotolo osweka amacheka ana athu kumapazi. Mbuzi ikameza pulasitiki imangoonda mpaka kufa. Moto wosazimitsa mwezi wa Okutobala suchedwa kulowa m'tchire. Ndipo wodwala likodzo akakodza m'madzi, tizilombo timakaswana mu nkhono, mawa tilowe pakhungu la wosamba kapena wochapa.

Mu 2011 boma linalengeza kuti gawo la nyanja ya Niassa ndi malo otetezedwa. Koma kodi boma lizibwera kudzatitolera zinyalala?

Pempho langa nali: gulu lathu likumbe maenje a zinyalala, mafumu atitsogolere kumanga zimbudzi kutali ndi madzi, ndipo wailesi izikumbutsa alendo Lachisanu lililonse. Mlendo timulangize mwaulemu, osamukalipira. Paja mlendo ndi mame. Otsala pano ndife ndi ziweto zathu.