Boti la Liwiro: Mimba Yake, Pulopela Yake ndi Kayendetsedwe Kake

Lero tikambirane za maboti a injini, makamaka aja othamanga kwambiri, odutsa pa nyanja ngati akuuluka. Enanu mumawaona ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay atanyamula alendo. Ena muli ndi boti la matabwa la chilimira ndipo mukuganiza zogula injini. Enanso mumangolipira ndalama n'kukwera. Nkhaniyi ndi ya nonsenu, chifukwa boti likagadabuka silisankha kuti mwini wake ndi uti, wokwera ndi uti.

Anthu ambiri amati liwiro la boti lili mu injini. Pang'ono akunena zoona. Koma chinthu choyamba ndi mimba ya boti, mbali ija imene imakhala m'madzi, imene simuiona boti likakocheza padoko.

Bwato logoba pa mtengo, boti la matabwa lolemera, ngakhale sitima ya Ilala, zonsezi zimayenda mofanana. Zimakankhira madzi kumbali kuti zipeze njira. Poyenda chotero boti limadzutsa funde kutsogolo kwake. Likawonjeza liwiro fundelo limakula, mpaka boti limakhala ngati likukwera chitunda chimene ladziundira lokha. Boti lolemera la mamita 7 kapena 8 likafika pa makilomita 12 kapena 13 pa ola, layandikira polekezera pake. Mukapatsa moto wina, kumbuyo kumangotitimira, mutu n'kudzuka, petulo n'kumapsa, koma liwiro lowonjezera ndi lochepa zedi. Choncho munthu amene wachotsa injini ya 15 pa boti lotere n'kuikapo ya 60 pofuna kuthamanga, kawirikawiri wangodzigulira ludzu la petulo.

Boti la liwiro liyenda mwa njira ina. Kodi munaonapo ana akuponya phale pamwamba pa madzi? Phalelo limadumphadumpha osamira, malinga likhale ndi liwiro. Boti lopepuka, la mimba yotambalala kumbuyo, limachita chimodzimodzi. Likapatsidwa moto wokwanira limakwera pamwamba pa funde lake lija, n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Mbali yochepa yokha ndiyo imakhudza madzi, motero limathamanga kwambiri. Koma kuti lifike pamenepo pafunika zinthu ziwiri, kupepuka ndi mphamvu. Mukalidzaza matumba a ufa ndi anthu khumi, silingakwere pamwamba ayi.

Tsono pali vuto. Yesani kumenya madzi ndi chikhatho chotambasula. Madzi aja ofewa amasanduka ngati thabwa, dzanja n'kuwawa. Menyaninso ndi m'mbali mwa dzanja, ngati mukudula ndi chikwanje. Dzanja limalowa bwinobwino. Boti la mimba yathyathyathya lili ngati chikhatho chija. Pa madzi abata, monga m'mawa kunja kuli zii, limakwera msanga ndipo silifuna injini yaikulu. Koma likakumana ndi mafunde limamenyetseka koopsa, misomali n'kumasuka, okwera n'kuthyoka misana.

Kwa zaka zambiri amisiri ankasongola kutsogolo kokha, kumbuyo n'kusiya kwathyathyathya. Amene anasintha zimenezi ndi mmisiri wa ku America, dzina lake Raymond Hunt. Iye anajambula boti la mimba yonga chilembo cha V, chija munaphunzira m'kalasi, kuyambira kumutu mpaka kumbuyo kwenikweni. Tinene kuti denga la nyumba loligadabuza. M'litali mwa mimbayo anaikamo timizere totumphuka tothandiza kunyamula boti ndi kukankhira madzi kumbali. Munthu wina, Richard Bertram, anamangitsa boti la matabwa la mtundu umenewu, lotalika mamita 9 ndi pang'ono, nalitcha Moppie. M'chaka cha 1960 analowa nalo mpikisano wochokera ku Miami kukafika ku Nassau, pa nyanja ya mchere. Tsikulo nyanja inakalipa zedi. Maboti ena anabwerera, ena anafika mochedwa kwambiri, koma Moppie anafika woyamba atayenda maola 8. Chaka chotsatira Bertram anayamba kupanga maboti a mimba yomweyo ogulitsa, ndipo mpaka lero maboti ambiri a liwiro oyenda pa mafunde amatengera pamenepo.

Musaganize kuti mimba ya V ndi yabwino pa zonse. Imafuna injini yaikulu ndi petulo wambiri kuti ikwere pamwamba. Boti lake likaima limagwedera uku ndi uku, kotero kuti kukoka ukonde mutaimirira n'kovuta. Ndiponso limafuna madzi akuya. Kwa munthu woyenda mu Shire kapena pa Malombe, mimba yotambalala ikhoza kumukwanira. Koma amene amaoloka nyanja yaikulu m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ine ndikuti asakhulupirire boti lathyathyathya, ngakhale likhale lotsika mtengo bwanji. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo mwera umaomba motsata litali lake, motero mafunde amakhala ndi malo okulira. Akuluakulu akukumbukira sitima ya Vipya imene inamira m'chaka cha 1946 pamodzi ndi anthu 145. Imeneyo inali sitima yachitsulo, osati kaboti.

Tsopano tibwere kwa pulopela, kachitsulo ka mapiko kozungulira m'madzi kaja. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama osadziwa.

Tengani pulopela, muiyang'anitsitse. Mupeza manambala awiri odindidwa, monga 11 x 13. Kale mukadapita kwa mwana wa sukulu kuti akuwerengereni, koma lero muwerenga nokha. Nambala yoyamba ndi kukula kwa pulopela, mainchesi 11 kuchokera mbali ina kufika mbali ina pamene ikuzungulira. Nambala yachiwiri ndiyo yofunika kwambiri. Imeneyi ndi phazi la pulopela. Pulopela imalowa m'madzi monga sikuluwu ilowera m'thabwa. Nambala 13 ikutanthauza kuti ikazungulira kamodzi ikadayenda mainchesi 13, madzi akadakhala olimba ngati thabwa. Popeza madzi ndi ofewa, imaterereka pang'ono n'kuyenda mocheperapo.

Ganizani za njinga ya magiya. Pokwera chitunda mutanyamula thumba la chimanga mumaika giya yopepuka. Miyendo imazungulira msanga, njinga imayenda pang'onopang'ono, koma mumakwera. Pa msewu wosalala, muli nokha, mumaika giya yolemera kuti muthamange. Injini ya boti ilibe magiya osinthasintha chotero. Ili ndi yakutsogolo, yakumbuyo, ndi yoimika basi. Giya yake yeniyeni ndi pulopela imene mwamangayo. Nambala yaing'ono, monga 10 kapena 11, ndi giya yokwerera chitunda, yoyenera boti lolemera. Nambala yaikulu, monga 14 kapena 15, ndi ya boti lopepuka lofuna liwiro.

Nanga mudziwa bwanji kuti mwasankha bwino? Injini iliyonse ili ndi kabuku kake, ndipo m'kabukumo analembamo kuti mukapatsa moto wonse izizungulira kangati pa mphindi imodzi. Injini zambiri za 40 zija zosakaniza oyilo ndi petulo zimafuna pakati pa 4,500 ndi 5,500. Makaniko ali ndi kawotchi koyezera zimenezi. Pakirani katundu amene mumanyamula masiku onse, osati boti lopanda kanthu, ndipo muyese pa madzi abata. Injini ikalephera kufika pa nambala ija, n'kumalira mobuula ngati ng'ombe yolemedwa ngolo, phazi la pulopela lakula. Injini yotere imatentha, imachita mwaye m'kati, ndipo sikhalitsa. Ikapitirira nambala ija n'kumalira mokuwa, phazi lachepa, ndipo nayonso idzatha msanga. Mukasintha phazi ndi inchi imodzi, kuzungulira kwa injini kumasintha ndi 150 kapena 200 pa mphindi. Ndiye musalumphe kuchoka pa 11 kupita pa 15 chifukwa choti mnzanu wa boti la alendo ali ndi 15. Boti lake si lanu.

Mapulopela ambiri ali ndi mapiko atatu. Ya mapiko anayi imanyamula boti msanga ndipo imagwira madzi bwino pokhota, koma kawirikawiri imachepetsako liwiro la pamapeto. Za chitsulo chake, pali ya aluminiyamu ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri. Yachiwiriyi ndi yolimba, mapiko ake ndi opyapyala, ndipo a mipikisano amaikonda. Koma ndi yokwera mtengo kwambiri, ndipo ikagunda mwala mphamvu yambiri ya kugundako imapita ku magiya a m'mwendo wa injini. Ya aluminiyamu imapindika kapena kubenthuka, magiya n'kupulumuka. Kumalo a miyala monga ku Likoma ndi ku Cape Maclear, ine ndingasankhe ya aluminiyamu. Kuli bwino kulira pulopela kusiyana ndi kulira mwendo wonse wa injini. Koma ikapindika musapitirize kuyenda nayo. Imanjenjemeretsa injini mpaka kuononga mkono umene imazungulirapo.

Nthawi zina mukukhota mumamva injini ikukuwa mwadzidzidzi, boti n'kuleka kukoka. Pamenepo pulopela yameza mpweya wochokera pamwamba. Bwezani moto, idzagwiranso madzi. Zikamachitika kawirikawiri, yang'anani m'mene munamangira injini. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kathyathyathya kotambalala. Kameneka kayenera kulingana ndi pansi pa mimba ya boti. Kakakwera kwambiri pulopela imameza mpweya, ndipo ngakhale madzi oziziritsa injini akhoza kusowa. Kakatsika kwambiri mwendo umakoka madzi, petulo n'kumathera pachabe.

Kupendeka kwa injini nako kuli ndi ntchito. Injini zazikulu zili ndi batani lopendekera. Zing'onozing'ono zili ndi kamtengo kachitsulo kolowetsa m'mabowo angapo. Mwendo ukayandikira boti, mutu wa boti umatsika, ndipo limakwera pamwamba msanga ndi kudula mafunde bwino. Mwendo ukatalikira boti, mutu umadzuka ndipo liwiro limawonjezeka. Mukapyola muyezo boti limayamba kugwedeza mutu ngati gulo pa mtengo, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Okwera amaseka, koma si zoseketsa ayi. Bwezani moto, bwezani mwendo m'kati, ndipo mmodzi kapena awiri asendere kutsogolo. Maboti a V opepuka kwambiri ali ndi nthenda inanso. Pa liwiro lalikulu amayamba kupendekera kumanzere, kumanja, kumanzere, mochulukirachulukira. Mankhwala ake ndi omwewo, kubweza moto pang'onopang'ono. Musatseke moto kamodzin'kamodzi.

Kudzuka kwa mutu ndiko kunapha Donald Campbell wa ku England. Pa 4 Januwale 1967, pa nyanja yaing'ono ya Coniston, boti lake la Bluebird linali kuthamanga pafupifupi makilomita 480 pa ola. Mpweya unalowa pansi pake, mutu unadzuka, boti linauluka n'kugadabuka. Thupi lake linapezeka m'chaka cha 2001. Amene anathamanga koposa onse pa madzi ndi Ken Warby wa ku Australia, amene m'chaka cha 1978 anafika pa makilomita 511 pa ola ndi boti la matabwa lomanga yekha kuseri kwa nyumba yake. Anthu awiri amene anayesa kumuposa, wina mu 1980 wina mu 1989, anafa pa ngozi poyesapo. Maboti amenewa analibe pulopela, anali ndi injini za ndege kapena za roketi. Inu simudzafika kumeneko, koma madzi ndi omwewo. Ngakhale pa makilomita 50 pa ola, munthu akagwera m'madzi amamva ngati wagwa pa bwalo louma.

Mugwire chiwongolero mukudziwa kuti boti lilibe buleki. Ndiponso silikhota ngati njinga. Njinga imakhota ndi gudumu lakutsogolo, pamene boti limakhota ndi kumbuyo, ndipo kumbuyoko kumataya kunja. Pochoka padoko kapena podutsa pafupi ndi munthu wosambira, kumbukirani kuti pulopela ikupita mbali imene inu simukuyang'ana. Chepetsani moto musanakhote, osati muli pakati pokhota. Poima musatseke moto mwadzidzidzi, chifukwa funde lanu lomwe limakutsatirani n'kukwera kumbuyo kwa boti, kumene kuli kotsika.

Mafunde akamachokera kutsogolo, chepetsani liwiro ndipo muwakwere mopendekera pang'ono. Oopsa kwambiri ndi ochokera kumbuyo, ngakhale amaoneka ofatsa. Boti likathamanga kutsika funde, mutu umakazika m'funde lakutsogolo, kumbuyo n'kukankhidwira kumbali, boti n'kupingasa. Likapingasa latha. Khalani pamsana pa funde, muziyenda nalo limodzi, dzanja lili pa moto. Ndipo mukaona asodzi a mabwato, bwezani moto mudakali kutali. Funde limene inu simulimva limamiza bwato lodzaza usipa, ntchito ya usiku wonse.

Pa injini pali kachingwe kofiira kopotanapotana. Anthu ambiri amangokakulunga pa chiwongolero. Kameneka n'komanga pa mwendo wanu kapena pa chovala choyandamitsa chimene mwavala. Mukagwera m'madzi kamasolola, injini n'kuzima. Popanda kachingweka chiwongolero chimakhotera mbali imodzi chokha, boti n'kumazungulira ndi moto wonse, kubwerera pomwe pali inu.

Mukafika kumtunda dzutsani mwendo wa injini. Chotsani namasupuni ndi udzu potsekera timabowo tolowera madzi oziziritsa. Nthawi ndi nthawi masulani pulopela muone kuseri kwake. Ulusi wa mbedza ndi zidutswa za ukonde zimakulungana pamenepo, n'kudya kamphira kotsekera oyilo wa magiya. Madzi akalowa, oyiloyo amasanduka woyera ngati mkaka, ndipo magiya amatha m'masabata ochepa. Pakani girizi pa mkono musanabwezere pulopela, kuti tsiku lina isadzakanirire. M'boti musungemo pulopela ina yapadera, nati yake, kapini kotsekera natiyo, sipanala yokwana, chotungira madzi, ndi nkhafi ziwiri.