Tisanakumbe maziko, tisankhe wothandiza ovulala

 Ine ndine mlimi wa mpunga ndi chimanga, sukulu sindinapite nayo patali. Koma ngati anzanga ambiri pano, tikakolola ndimagwira ganyu youmba njerwa ndi kuthandiza amisiri pomanga. Nkhani yanga lero ndi ya ngozi za pomanga, ndi chimene tingachite munthu asanafike kuchipatala.

Chichokereni mvula ya Freddy mu Marichi 2023, imene inagwetsa nyumba kuno kwathu ndi kutsidya ku Malawi, kumanga sikunathe. Kuyambira Juni mpaka Okutobala paliponse pamakhala uvuni, makwerero ndi malata. Tikamakonzekera timawerenga matumba a simenti, misomali ndi nsima ya amisiri. Koma ndani amafunsa kuti munthu akagwa padenga tichita chiyani? Palibe. Chonsecho kuchoka kunyanja kuno kukafika ku Insaca ndi ulendo, ndipo wovulala kwambiri amamutumizanso ku Cuamba. Nthawi imeneyo moyo wake uli m'manja mwa ife amene tili pomwepo.

Ndiyambe ndi lata, chifukwa limacheka ngati mpeni. Magazi akamatuluka, tengani nsalu yoyera, kanikizani pabala mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa musaichotse, sanjikani ina pamwamba. Dothi, phulusa kapena mafuta a njinga yamoto, ayi abale, zimenezo sizitseka bala, zimalowetsa matenda. Wopondedwa kapena wobayidwa ndi msomali atsuke ndi madzi ndi sopo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Bala la msomali limaoneka laling'ono kunja koma mkati ndi lakuya.

Chachiwiri ndi kugwa. Apa m'pamene chifundo chathu chimapweteka munthu. Mnzathu akagwa padenga timathamanga kumudzutsa, wina mkono, wina mwendo, kenako panjinga. Ngati wathyoka khosi kapena msana, kunyamula kotereku kungamupuwalitse moyo wake wonse. Musiyeni agone mmene wagwera, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke. Zulani chitseko, anthu anayi kapena asanu amusunthire pamenepo nthawi imodzi, mutu ndi thupi zili mowongoka, ndipo mumumange ndi zitenje. Mwendo wothyoka musaukoke, ikani nsungwi mbali ziwiri n'kumanga. Musamupatse madzi, phala, ngakhale kachasu woti alimbe mtima, chifukwa mwina akafunika opaleshoni.

Chachitatu, simenti ndi moto. Simenti yonyowa imadya khungu pang'onopang'ono, munthu osamva msanga. Ikalowa m'diso musatikite, thirani madzi oyera osalekeza mphindi 20, kenako kuchipatala. Wopsa pa uvuni naye ndi madzi ozizira mphindi 20. Dzira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano musapake. Matuza musaboole.

Chachinayi ndi chitsime. Pansi pa chitsime chakuya mpweya umatha. Wokumba akakomoka, wachiwiri amalumphira kukamutenga, naye n'kukomoka, maliro n'kukhala awiri. Musanalowe tsitsani kandulo yoyaka pachingwe. Ikazima, musalowe. Ndipo aliyense wolowa amangidwe chingwe m'thupi, anthu ali pamwamba ogwira.

Tsono ena anena kuti zonsezi tamva, basi. Ayi, kumva pa wailesi n'kwina, manja kuzolowera n'kwina. Magazi akamachucha mutu umaima. N'chifukwa chake ndikupempha kuti kalabu yathu ipemphe anamwino, APE wa m'dera lathu, kapena a Cruz Vermelha, amene ntchito yophunzitsa chithandizo choyamba amaidziwa, kuti adzatisonyeze ndi manja. Aliyense ayese kumanga bala ndi kunyamula mnzake pachitseko. Amayi musatsalire, pakuti otunga madzi pomanga ndinu, ndipo simuchoka pamalopo.

Kwa amene mumalembedwa ndi makontirakita pa sukulu, milatho kapena misewu, dziwani kuti lamulo la ntchito la dziko lathu la Mozambique limati wantchito akavulala pantchito, womulemba ampatse chithandizo choyamba ndi thiransipoti yopitira kuchipatala. Kufunsa kuti bokosi la mankhwala lili pati si mwano. Funsani tsiku loyamba.

Koma pomanga tchalitchi, mzikiti kapena nyumba ya mnzathu, bwana ndife tomwe. Ndiye ndikuti komiti iliyonse, isanakumbe maziko, ichite zinthu zitatu. Isankhe munthu mmodzi wophunzitsidwa amene azikhalapo tsiku lililonse. Isunge chidebe chotseka chokhala ndi sopo, nsalu zochapa bwino, mabandeji, sizasi ndi magolovesi, pambali pake chigubu cha madzi oyera chimene osakaniza matope sakhudza. Ndipo igwirizane ndi mwini njinga yamoto, nambala yake ilembedwe ndi khala pakhoma, ndalama ya petulo ikhale kwa msungichuma. Zonsezi ziwerengedwe limodzi ndi simenti.

A wapampando, ndikupempha kuti tisanabalalike lero tilembe mayina a ofuna kuphunzira, mudzi uliwonse awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo kalata ipite sabata ino nyengo youmba isanafike. Dzina langa mulembe loyamba.