Ulaliki Womveka kwa Onse

A Mtsogoleri wa Sinodi, abusa anzanga ndi akulu a mpingo,

Nditangotuluka ku sukulu ya ubusa, ndinalalikira za kuyesedwa olungama mwa chikhulupiriro. Ndinatchula mau atatu a Chihelene, ndi dzina la Calvin kaŵiri konse. Titatuluka m'kachisi, mkulu wina waimvi anandiitanira pambali nati, "Abusa, nsima inali yambiri ndithu, koma munaiika patsindwi, ana sanaifikire." Manyazi a tsiku limenelo sananditherebe.

Paulo, ngakhale anaphunzitsidwa ndi Gamalieli, anauza Akorinto kuti mumpingo mau asanu omveka aposa zikwi khumi osamveka. Ambuye mwini anaphunzitsa za Ufumu potchula mbeu, khoka ndi nkhosa yotayika. W. H. Murray ndi anzake, azungu ndi akuda, anavutika zaka zambiri kufikira Buku Lopatulika linatha mu 1922, kuti nkhalamba ya kumudzi imve Mulungu akulankhula m'chinenero chake. Nanga ife tiwabisirenji Mauwo?

Tsono Loŵeruka madzulo ndimayamba ndafotokozera mwana wa m'kalasi ulaliki wa maŵa. Akalephera kundibwerezera mutu wake, ndimayatsa nyali ndi kulembanso.