Phwiti Anakwatira Njiwa: Mbiri ya Timu ya Wimbledon

Nkhani imene ndakutengerani lero ndi ya mpira wa miyendo, ndipo icokera kutali, ku dziko la England. Makolo athu anati, "Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa." Ine ndifuna kukusimbirani za timu ina yaing'ono imene inacokera pansi penipeni nikwera kufikira pamwamba, kenaka inacotsedwa kwao eni ace akuona, ndipo eni acewo anayambanso ulendo womwewo kaciwiri. Dzina la timuyo ndi Wimbledon.

Tisanapite patali, ndiyambe ndalongosola m'mene mpira wa ku England umayendera. Matimu a kumeneko anaikidwa m'magawo osanjikizana ngati makwerero. Pa kutha kwa nyengo ya masewera, matimu amene acita bwino koposa amakwera kunka ku gawo la pamwamba, ndipo amene atsalira m'mbuyo amatsika. Magawo anai a pamwamba ali ndi matimu 92, ndipo osewera ace amadya za mpira basi. Kunsi kwa magawo anaiwa kuli magawo ena ambiri a matimu ang'onoang'ono, m'mene ambiri mwa osewera amagwira nchito zina masana. Tsono cisanafike caka ca 1987, khomo lolowera m'magawo anai aja linali lothina zedi. Timu ya kunja, ngakhale ipambane cotani, sinkalowa yokha iai. Inkayenera kupempha, ndipo matimu a m'katimo ndiwo ankaponya voti. Kawirikawiri iwo ankasankhana okhaokha, wa kunja nabwerera manja ali m'khosi.

Wimbledon ndi dera la kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa London. Dzinali ndi lochuka cifukwa ca mpikisano wa tenisi, koma za mpira wa miyendo ambiri sankazidziwa. Timuyi inayamba m'caka ca 1889, ndipo oiyambitsa anali anyamata amene anaphunzira pa sukulu ya Old Central. Ankasewera pa dambo lalikulu lochedwa Wimbledon Common. M'caka ca 1912 anapeza bwalo lao pa mseu wa Plough Lane, ndipo kwa zaka zambiri anasewera mpira wongokonda, wopanda malipiro. M'caka ca 1963 anatenga cikho ca matimu osalipidwa pa bwalo lalikulu la Wembley, atagonjetsa Sutton United zigoli 4 kwa 2. Zigoli zonse zinai anamwetsa ndi munthu mmodzi, Eddie Reynolds, ndipo zonsezo anamenya ndi mutu. Caka cotsatira, 1964, akulu a timu anagwirizana zoyamba kulipira osewera, nalowa mu ligi ya Southern League.

Dziko lonse la England linamva dzina lao m'caka ca 1975, mu mpikisano wa cikho ca FA Cup, m'mene wamkulu ndi wamng'ono amakomana. Anapita kwao kwa Burnley, timu ya gawo loyamba, naigonjetsa 1 kwa 0. Kenaka anapita kwao kwa Leeds United, amene pa nthawiyo anali akatswiri a dziko lonse. Kumeneko goloboyi wao, Dickie Guy, anachinga penate ya Peter Lorimer, munthu woopedwa cifukwa ca mphamvu ya mwendo wace, ndipo masewera anatha popanda cigoli. Pokomananso kaciwiri Leeds inapambana ndi cigoli cimodzi cokha, ndiponso mpirawo unalowa utagunda mnyamata wa Wimbledon yemwe, dzina lace Dave Bassett. Dzina limeneli mulisunge, pakuti tikomana nalonso.

Pansi pa mphunzitsi Allen Batsford, Wimbledon inatenga ukatswiri wa Southern League zaka zitatu zotsatana, 1975, 1976 ndi 1977. Apa oponya voti aja anasowa ponamizira. M'caka ca 1977 anatsegula khomo, Wimbledon nilowa m'gawo lacinai m'malo mwa timu ya Workington.

Musaganize kuti njira inali yosalala. Anakwera ku gawo lacitatu m'caka ca 1979, natsika mu 1980. Anakweranso mu 1981, natsikanso mu 1982. Wina akadataya mtima nati, "Malo athu ndi pansi pompano." Koma Dave Bassett uja, amene tsopano anali mphunzitsi kuyambira 1981, sanabvomere zimenezo. M'caka ca 1983 anatenga ukatswiri wa gawo lacinai. Mu 1984 anakwera kunka ku gawo laciwiri, ndipo mu 1986 analowa m'gawo loyamba, patangopita zaka zisanu ndi zinai cilowere m'magawo anai aja. Kumayambiriro a mwezi wa Septembala caka comweco dzina la Wimbledon linakhala pamwamba pa matimu onse a ku England kwa masiku owerengeka, ndipo anatsiriza nyengoyo ali pa malo acisanu ndi cimodzi.

Kodi cinsinsi cao cinali ciani? Ndalama analibe, bwalo lao linali laling'ono ndi lakale, ndipo anthu obwera kudzaonera anali ocepa. Cifukwa cace ankatola anyamata amene matimu akulu anawanyoza kapena sanawaone konse. Goloboyi Dave Beasant ndi womwetsa zigoli Alan Cork anakwera ndi timuyi kucokera ku gawo lacinai. Vinnie Jones ankasenza njerwa pa nchito ya zomangamanga, ndipo anagulidwa ku timu yaing'ono ya Wealdstone ndi mapaundi 10,000 okha. Kaseweredwe kao kanali kosakometsera: kumenya mpira wautali m'mwamba kulunjika kwa anyamata amphamvu monga John Fashanu, kuthamanga osapuma, ndi kulimbana pa mpira uli wonse ngati kuti moyo wao uli pomwepo. Akatswiri ambiri ankadana nako, ponena kuti n'kwankhanza ndi kosakongola, ndipo pena sankanama. Cifukwa ca nthabwala zao zaukali anapatsidwa dzina lakuti Crazy Gang, ndiko kunena kuti gulu la amisala. Koma anali ogwirizana ngati ana a mimba imodzi, ndipo matimu olemera ankacita nthumanzi akamva kuti ulendo ndi wa ku Plough Lane.

Tsiku lao lalikulu linafika pa 14 Meyi 1988, mphunzitsi ali Bobby Gould. Anakomana ndi Liverpool mu ndime yotsiriza ya FA Cup pa Wembley, pamaso pa anthu oposa 98,000. Liverpool inali itangotenga ukatswiri wa ligi, itagonja kawiri kokha mu ligi nyengo yonseyo, ndipo inali ndi akatswiri monga John Barnes ndi Peter Beardsley. Pagolo pace panali Bruce Grobbelaar, amene abale athu a ku Bulawayo amamkumbukira, pakuti anasewerapo mu timu ya Highlanders ndiponso mu timu ya dziko la Zimbabwe. Ocepa okha ndiwo ankayembekeza kuti Wimbledon ingacite kanthu. Koma cigawo coyamba cisanathe, Dennis Wise anamenya filikiki, Lawrie Sanchez naugunda mpirawo ndi mutu, nulowa mu ukonde. M'cigawo caciwiri woimbira anapatsa Liverpool penate. John Aldridge anamenya, Dave Beasant nadziponya kumanzere kwace, nauchinga. Aka kanali koyamba kuti goloboyi achinge penate mu ndime yotsiriza ya cikhoci pa Wembley. Masewera anatha 1 kwa 0, ndipo Beasant, amene analinso kaputeni, ndiye anakweza cikho. Phwiti anali atakwatira njiwa.

Nkhani ikadathera apa, bwenzi iri nthano yokoma yogonera ana. Koma mverani zimene zinatsata. M'caka ca 1989 kunacitika ngozi yoopsa pa bwalo la Hillsborough, imene inapha anthu 97 cifukwa ca kupanikizana. Zitatero, kunalamulidwa kuti mabwalo a matimu akulu akhale ndi mipando ya munthu ali yense. Akulu a Wimbledon anati bwalo la Plough Lane silingakonzeke motero, ndipo m'caka ca 1991 timu inasamuka kukacita lendi pa bwalo la Selhurst Park, kwao kwa Crystal Palace. Kumeneko inakhalabe m'gawo loyamba, limene kuyambira 1992 linachedwa Premier League, koma inali mlendo m'nyumba ya eni. Kumapeto a zaka zimenezo umwini wa timu unapita m'manja mwa anthu a malonda a ku Norway. Pa 14 Meyi 2000, patapita zaka 12 zenizeni citengere cikho cija, Wimbledon inatsika, itakhala pamwamba nyengo 14.

Tsono kunabuka maganizo akuti timu isamukire ku mzinda watsopano wa Milton Keynes, mtunda woposa mailosi 50 kucokera kwao. Eni ace anati kumeneko kuli anthu ambiri ndi malo omangapo bwalo lalikulu, ndipo kuti popanda kutero timu idzafa ndi ngongole. Ocemerera anakana kwa mtu wa galu, nati timu si sitolo yakuti mwini angaisamutsire kumene kuli ogula. Mlandu unapita kwa anthu atatu osankhidwa ndi bungwe loyang'anira mpira ku England, ndipo pa 28 Meyi 2002 awiri anabvomera, mmodzi nakana. Timu inasamuka m'caka ca 2003, ndipo mu 2004 inasintha dzina nikhala Milton Keynes Dons.

Ganizani inu omvera: munthu amene atate wace anamtengera ku bwalo ali mwana, amene analira ndi cimwemwe pa Wembley, adzuke m'mawa namva kuti timu yace yapita. Akadatha kungokhala pansi ndi kudandaula. Koma anthu a ku Wimbledon anakumbukira kuti mutu umodzi susenza denga. Patangopita masiku awiri, pa 30 Meyi 2002, anayambitsa timu yao, naicha AFC Wimbledon. Anapangana kuti mwini wace adzakhala bungwe la ocemerera okhaokha, lochedwa Dons Trust, m'mene membala ali yense ali ndi voti imodzi, wolemera ndi wosauka cimodzimodzi. Analibe osewera, analibe bwalo, analibe ngakhale malaya. Anaitana ali yense wodziwa kumenya mpira kuti abwere kudzayesedwa pa dambo la Wimbledon Common, pomwe paja makolo ao anayambira, ndipo kunabwera anthu oposa 200. Masewera ao oyamba, pa 10 Julayi 2002, anagonja kwa Sutton United 4 kwa 0, koma oonera anaposa 4,600, ndipo anabwerera kwao akusekerera.

Anayambira m'gawo lacisanu ndi cinai, mu ligi ya Combined Counties, akusewera pa bwalo la Kingsmeadow. Kuyambira Febuluwale 2003 kufikira Disembala 2004 anasewera masewera a ligi 78 osagonja ngakhale kamodzi. Anakwera mu 2004, mu 2005, mu 2008 ndi mu 2009. Pa 21 Meyi 2011, mphunzitsi ali Terry Brown, anakomana ndi Luton Town mu mzinda wa Manchester pa masewera olimbirana malo m'magawo anai a pamwamba aja. Nthawi inatha popanda cigoli, mlandu nupita ku mapenate. Goloboyi Seb Brown anachinga awiri, kaputeni Danny Kedwell namwetsa wotsiriza. Timu yoyambitsidwa ndi ocemerera inakwera magawo asanu m'zaka zisanu ndi zinai. Pa 30 Meyi 2016, tsiku lomwelo limene inakwanitsa zaka 14, inagonjetsa Plymouth Argyle 2 kwa 0 pa Wembley nilowa m'gawo lacitatu, m'mene inakomana ndi Milton Keynes Dons ngati anzace a msinkhu umodzi.

Cinatsala cinthu cimodzi. Akulu anati, "Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka." Ocemerera anasonkha ndi kubwereketsa ndalama za m'matumba mwao, namanga bwalo latsopano la anthu oposa 9,000 pa mseu womwe uja wa Plough Lane, pafupi ndi pamene panali bwalo lakale. Masewera oyamba anacitika pa 3 Novembala 2020, nafanana mphamvu ndi Doncaster Rovers 2 kwa 2. Comvetsa cisoni n'cakuti tsikulo mipando inali yopanda anthu cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo anthu amene anadikira zaka 29 anaonera ali ku nyumba. Pambuyo pace makwerero sanaleke nchito yao: timu inatsika mu 2022, nikweranso mu 2025 itagonjetsa Walsall 1 kwa 0 pa Wembley.

Abale anga, ambiri a inu muli ndi timu imene mumaikonda, kaya ndi ya pa mgodi, ya pa kampani, kapena ya m'mudzi. Dzifunseni usiku uno: tsiku limene wopereka ndalama adzatseke thumba lace, kodi timuyo idzatsala m'manja mwa yani? Anthu a ku Wimbledon anayankha funso limeneli ndi manja ao, ndipo yankholo linawatengera zaka 18, kucokera pa dambo lija kufikira pa bwalo lao.