Za Nchito Yolinganiza Malo: Mau a pa Cikondwerero

Lero tiyamika Mulungu amene watisunga m'cigwa cino ca Shire. Koma tikumbukenso madzi. Mu 2015 Ruo ndi Shire inasefukira, Makhanga nasanduka cisumbu. Mu 2023 namondwe Freddy anatibwezera maliro omwewo. Nyumba zomangidwa m'dambo ndizo zinayamba kugwa.

Cifukwa cace tinena nanu za nchito imene ana athu ambiri saidziwa, ndiyo yolinganiza malo. Woigwira ayesa nthaka, alondola njira ya madzi, afunsa mafumu, nalemba poyenera mudzi, msika, munda ndi nkhalango. Nkhalango yosungika bwino idyetsanso anthu. Taonani Majete: nyama zinali zitatha, koma African Parks inabwezeramo cipembere mu 2003, njobvu mu 2006, mikango mu 2012, tsono alendo afika, ndi anthu akwathu apezako nchito.

Nzeru zimenezi aziphunzitsa ku MUBAS, ku Blantyre. Inu akatekisiti, mukaona mwana wakutha masamu ndi kujambula, mwamuna kapena mkazi, mumlimbitse mtima akaphunzire. Pakuti wobadwira kuno adziwa kale pamene madzi analekeza, ndipo tifuna iye atilozere pomanga chalichi ndi sukulu za adzukulu athu.