Manambala amatiwerenga, koma satimva

Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta, ndipo tsiku lonse maso anga amakhala pa manambala. Ndiye musaganize kuti ndabwera kudzawanyoza. Ndikufuna tione pamene amalekezera.

Tiyambire kuno ku England. Pa kalembera wa pa 21 Marichi 2021 panali funso lakuti chiyankhulo chanu chachikulu ndi chiti, ndipo yankho linali limodzi basi. Inu obadwira kuno, ndikhulupirira makolo anu anakulemberani Chingerezi, ndipo sananame. Nanga Chichewa chimene mumacheza nacho ndi agogo pa WhatsApp chija? Sichinalowe m'kaundula. Wofufuza wodalira manambala okhawo anganene kuti m'nyumba mwanu mulibe Chichewa. Kuti adziwe zoona, ayenera kukhala nanu pansi n'kukumvetserani.

Vuto lotereli ofufuza anakumana nalonso kumudzi. Mu 1998 a ku University of Pennsylvania anayamba kafukufuku ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Ankafunsa anthu ambirimbiri mafunso ofanana okhudza kulera ndi Edzi, n'kumabweranso pakapita zaka. Koma mukudziwa mmene timalandirira mlendo wonyamula pepala: timamuyankha mwaulemu zimene tikuganiza kuti akufuna kumva. Choncho kuyambira mu 1999, Susan Watkins, mmodzi mwa ofufuzawo, anapempha anthu a m'midzi momwemo kuti azilemba m'makope nkhani za Edzi zimene amva pamjigo, pamsika, pamaliro ndi m'minibasi.

Panthawiyo ambiri ankati anthu akumudzi amachita manyazi kukamba za matendawa. Makopewo anaonetsa zina. Anthu ankakambirana, kuchenjezana ndi kulangizana tsiku ndi tsiku. Komabe kope silingakuuzeni kuti ndi anthu angati amene anasintha khalidwe, kapena ngati ku Rumphi zinali zofanana ndi ku Balaka. Zimenezo zinkafunika mafunso aja, ofunsidwa kwa anthu ambiri mofanana.

Ena mwa inu mudzachita kafukufuku kuyunivesite, mwinanso wokhudza ife tomwe. Yambani ndi kucheza ndi anthu ochepa, kuti mudziwe mafunso oyenera komanso mawu amene anthuwo amagwiritsa ntchito. Kenako tumizani mafunsowo kwa anthu ambiri, muwerengetsere mayankho. Mukapeza nambala yokudabwitsani, musaitaye. Bwererani kwa eni ake, mukawafunse kuti chinachitika n'chiyani. Ngati zimene akunena zikusemphana ndi manambala, musathamangire kusankha mbali imodzi, chifukwa nthawi zambiri pamenepo m'pamene pamakhala nkhani yeniyeni.

Aboma akamagawa ndalama za womasulira kuchipatala kapena za maphunziro a ziyankhulo, amafuna kuona manambala. Koma nambala yolondola imachokera pa funso lolondola, ndipo funso lotero amalidziwa ndi munthu amene anayamba wamvetsera. Inu mumamva ziyankhulo zonse ziwiri, ndiye ntchito imeneyi ikukuyenerani.